Chimfine Chimene Ndinanamizira

Ndine mayi wopemphera, koma filimu ya pa foni inandipusitsa. Ndinaionera masana ku saluni kwanga ku Biwi: mayi wina anamwalira ndi mkwiyo, n'kubadwanso m'banja lomwelo ali ndi chipsera chake chakale, kudzabwezera.

Sabata yomweyo mng'ono wanga Tiyanjane anabereka mwana wamkazi ku Kawale. Anam'patsa dzina la malemu amayi athu, amene ndinakangana nawo osawapepesa mpaka anatisiya. Nditasuzumira m'nsalu, ndinaona kadontho kakuda kuseri kwa khutu, pomwe amayi anali nako. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Asisi, anyamuleni amayi anu," anatero Tiyanjane akuseka.

"Ndili ndi chimfine, ndingam'patsire," ndinanama. Ndinatsokomolanso kawiri, chifuwa chouma ngati cha mbuzi. Iye anandithokoza chifukwa choganizira mwana.

Chimfine chabodzacho ndinakhala nacho milungu itatu, osapondako kwa Tiyanjane. Mlungu wachinayi mwana anadwala chibayo, n'kumwalira.

Ndinam'nyamula kamodzi kokha, popita kumanda, atakulungidwa m'chitenje. Anali wopepuka kwambiri. Sanabwere kudzabwezera munthu aliyense.