Apongozi ndi Mayeso a Kuwotcherera

Chaka chimene kampani ina yomanga nyumba zosungiramo chimanga inatiuza kuti sidzagulanso mathirasi athu, zitsulo zonyamula denga, popanda setifiketi, ndinali nditakhalitsa kale pa shedi yathu ya ku Kabwe. Tinkawotcherera zitsulo za madenga, mageti ndi nsanja za mathanki, ndipo pakona ina panali amuna awiri opanga mawindo a aluminiyamu. Eni ake anali mayi wamasiye wa ku Mpima, amene anatenga ntchitoyo mwamuna wawo atamwalira. Sankakonda kubwereza mawu.

M'mawa wina anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti kudzabwera munthu wodzayendera ntchito yathu, aone ngati tikuyenera kupatsidwa setifiketiyo. Kenaka anandiloza.

"Inu ndi amene muziyang'anira zonsezi."

"Bwanji ine, amayi?"

"Mumalemba zowerengeka."

Umu ndi m'mene ndinakhalira kapitao.

Tinayamba ndi kusesa. Mulu wa zidutswa za zitsulo umene unali kuseri tinaupereka kwa azimayi a ku Makululu otola zitsulo zakale, ndipo pansi pake tinapezapo vaisi yopanira zitsulo imene malemu abwana anachotsera munthu ntchito poganiza kuti anaiba. Tinajambula mizere yachikasu pansi yosonyeza poyenda anthu. Maburashi a waya tinawapatula, a chitsulo paokha, a aluminiyamu paokha, chifukwa fumbi la chitsulo limaononga aluminiyamu. Amayi anagulanso kauvuni kosungiramo malodi owotcherera kuti asamanyowe ndi chinyezi. Pasanathe sabata, malodi ankanunkhira kandolo, mbatata imene anyamata ankaotchamo.

Zonsezi zinali zopepuka. Chovuta chinali chakuti wowotcherera aliyense anayenera kuyesedwa. Umalumikiza mapuleti awiri a chitsulo, kenaka timadulapo kachidutswa n'kukapinda pa makina. Pakapanda kung'aluka, wakhoza.

Mmodzi mwa owotchererawo anali apongozi anga aamuna.

Iwo ndiwo anandiphunzitsa ntchito ndisanaone n'komwe mwana wawo. Bambo wawo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iwo anakulira m'fungo la chitsulo chopsa. Chikwatirireni mwana wawo, sitinkadyera pamodzi, ndipo polankhulana aliyense ankayang'ana kumbali. Pa shedi izi sizinkavuta, popeza nkhope zathu zinkakhala m'zipewa zowotcherera.

Enawo anakhoza, wina kachiwiri. Chidutswa cha apongozi chinang'aluka chisanapindike n'komwe bwino. Ndinachinyamula ndi manja awiri n'kukachiika pa benchi yawo. Anachisisita ndi chala.

"Chitsulo cha masiku ano, akapitao," anatero.

Ndinavomera. Tinatenga mapuleti ena. Chinang'alukanso.

"Malodi awa anyowa."

Ndinavomeranso, ngakhale ndinawatulutsa ndekha mu uvuni ali otentha. Ulendo wachitatu ndinavala chipewa changa n'kuima kumbuyo kwawo. Dzanja lawo linali lokhazikika monga kale, silinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Koma linkayenda pambali pa mpata wofunika kulumikizawo. Mzere unali wokongola, kungoti unali pamalo pena. Asanayambe, ndinaona kuti mpatawo ankaufufuza ndi chala.

Atavula chipewa anati magetsi a tsiku limenelo anali ofooka.

Amayi eni shedi anandiitana mu ofesi. Anati apongozi akapanda kukhoza woyenderayo asanabwere, adzawaika pa geti azitsegulira magalimoto. Anati ndikawauze ndine, popeza ndine kapitao.

Madzulo ndinauza mkazi wanga kuti ndikuganiza kuti bambo ake sakuona bwino. Iye anapitiriza kusita yunifolomu ya mwana.

"Mwadziwa lero? Ku tchalitchi amaimba buku lili chotseka. Mwezi watha anapereka moni kwa thanki ya madzi."

"Nanga bwanji simuwauza?"

"Kawauzeni inu. Si ndinu akapitao?"

Lamlungu titatuluka ku Misa tinakwera minibasi kupita kwawo ku Chililalila. Ndinakhala pa mpando pafupi ndi khomo, apongozi aamuna pansi pa mtengo wa mango, apongozi aakazi pakati pathu akusenda nyemba. Ndinayamba ndi mvula, ndinadzera ku mtengo wa feteleza, kenaka ndinafika pa shedi. Ndinati kuwala kwa moto wowotcherera kumatopetsa maso a anthu ambiri, ngakhale achinyamata, ngakhale ine amene.

"Pepani," anatero apongozi aamuna. "Mukapimitse."

Apongozi aakazi anandiyang'ana kamodzi, n'kubwerera ku nyemba zawo. Kenaka anatembenukira kwa amuna awo nati, "Mawa mundiperekeze ku chipatala cha maso."

"Akudwala ndani?"

"Ine. Sinditha kulowetsa ulusi pa singano."

Anatero ali ndi nyemba m'manja, akuchotsa tizitsotso timene ine sindinkationa pamene ndinakhalapo.

Zimene zinachitika ku chipatalako ndinazimva kwa mkazi wanga. Akuti mayi ake ananong'oneza namwino, ndipo namwinoyo anapempha abambo kuti ayambe ndiwo kuwerenga zilembo za pakhoma, kuti amayi aone m'mene zimachitikira asaope. Abambo anafunsa kuti khoma lake liti.

Anabwera ku ntchito patapita masiku angapo atavala magalasi okhuthala a mafelemu akuda. Iwo anaima pakhomo la shedi nthawi yaitali akuyang'ana pansi.

"Mizere iyi mwajambula liti?"

"Mwezi watha, apongozi."

"Yapindika."

Anatenga mapuleti, anavala chipewa pamwamba pa magalasi, nawotcherera. Chidutswa chinapindika mpaka nsonga zake kukumana, osang'aluka. Ndinachiika pa benchi yawo monga poyamba. Sanachikhudze. Anachiyang'ana, kenaka anatenga choko n'kutuluka panja.

Panjapo panali mathirasi amene tinali titamaliza, opakidwa kale penti yofiira, ongodikira lole. Apongozi anayamba ku mapeto, akuwerama pa mfundo iliyonse. Pena ankadutsa, pena ankajambula mtanda. Mitanda yonse inali pa mfundo zimene anawotcherera okha. Pofika masana bwalo linkaoneka ngati manda.

Woyendera anali kubwera sabata yotsatira. Ndinathamangira kwa amayi eni shedi n'kuwauza kuti mwina tifufute chokocho, tikonze munthuyo atapita. Amayi anatuluka, anayenda pakati pa mathirasiwo, naima pafupi ndi apongozi.

"Zonsezi n'zoipa, atate?"

"Zina zingagwire. Koma ine sindingagone pansi pake."

"Konzani," anatero amayi, nabwerera mu ofesi.

Tinagwira ntchito imeneyo tonse, galaindala yopalira zitsulo kulira kuyambira m'mawa, ngakhale a mawindo aja anabwera kudzathandiza kupala penti. Sitinamalize. Tsiku la kuyendera linafika mathirasi ena akadali ndi mitanda yawo.

Woyenderayo anali mayi wamng'ono thupi wochokera ku Ndola, wovala nsapato zachitsulo kumapazi zimene zinali zakutha kuposa zathu. Ankayankhula Chibemba chosakaniza ndi Chingerezi, ife tikuyankha m'Chinyanja, ndipo tinkamvana. Anaona mapepala a zitsulo, anaona zidutswa za mayeso, anatsegula uvuni n'kununkhiza. Atafika pabwalo anaima.

"Mitanda iyi ndi ya chiyani?"

Ndinawauza m'mene zinalili: kuti mfundozo zinapezeka zolakwika, tikuzikonza.

"Anazipeza ndani?"

"Bambo awo."

"Anaziwotcherera ndani?"

"Omwewo."

Anayang'ana apongozi, amene anali chiimire ndi choko kukhutu. Kenaka anafunsa za mathirasi amene tinali titatumiza kale miyezi ya m'mbuyomo. Anayankha ndi amayi, kuti tidzapita kukawaona onse kumene anaikidwa. Woyenderayo analemba nthawi yaitali.

Setifiketi sitinaipeze tsiku limenelo. Anatisiyira zoti tikonze: chozimitsira moto chinali chitatha mphamvu, owotcherera onse anayenera kupimidwa maso chaka ndi chaka, ndipo madenga akale aja anayenera kuyenderedwa. Tinakwera madenga a anthu mpaka mvula itayamba, ine pamwamba, apongozi pansi akuloza ndi ndodo. Awiri tinawapeza ofunika kukonza. Setifiketi inabwera chimanga chitayamba kumasula, ndipo amayi anaipachika mu ofesi pamene pankakhala kalendala.

Ine ndinkayesa zatha. Loweruka lina m'mawa ndinamva kugogoda, n'kupeza apongozi pakhomo, chinthu chimene sanachitepo chikwatirireni mwana wawo. Anayang'ana kumbali nati ndibwereke makina aang'ono owotcherera ku shedi. Mageti ambiri a ku Chililalila anapanga ndiwo, ndipo tsopano ankawaona tsiku lililonse popita ku minibasi.

Tinayenda khomo ndi khomo Loweruka lililonse, makina pa wilibala. Anthu ankadabwa, popeza palibe anali atadandaula, koma ankatilola, ena n'kutipatsa tiyi. Apongozi aakazi anandiuza kuti kunyumba nako zinthu zasintha: abambo aona kuti makatani ndi ong'ambika, kuti mphaka ali ndi diso limodzi, ndiponso kuti akazi awo akalamba.

"Mwandithandiza kwambiri, apongozi," anatero osaseka.

Munthu mmodzi yekha ndiye anakana, mkulu wina wa mpingo wa Reformed amene anagwirapo ntchito ku mgodi. Anati geti lake lakhala likutseguka ndi kutsekeka bwinobwino, ndipo safuna moto pakhomo pake. Apongozi anapepesa mwaulemu, tinakankha wilibala n'kumapita. Titakhota pakona anaima, napukuta magalasi awo ndi malaya.

"Mwezi wamawa akulu aja akupita ku Petauke ku ukwati wa mdzukulu wawo," anatero. "Mudzabwere ndi waya wautali. Magetsi tidzapempha kwa aneba."