A Biswick ndi Labu ya pa Bolodi

Amalawi a ku Thamesmead sankawatchula dzina a Biswick Kachepa. Onse ankangoti Aphunzitsi, ngakhale kuti ku London bambowa anali asanaimepo m'kalasi ndi tsiku limodzi lomwe. Ntchito yawo inali ya keya panyumba ina yosamalira okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi, kuyambira thuu koloko masana. Koma mukawaona akupita kokakwera basi, malaya opisira, mabolopeni awiri m'thumba la pachifuwa, inunso mukanadziwa kuti awa anagwirapo choko.

Anagwiradi, zaka khumi ndi zinayi, pasekondale ina yoyendera kumapiri a ku Ntcheu. Maphunziro awo anali a uphunzitsi wa pulayimale, koma poti aphunzitsi a sayansi ankasowa, anangowapatsa buku n'kuwauza kuti yambanipo. Sukuluyo inalibe labu yoyeseramo sayansi, inalibe ndi magetsi omwe. Ndiye labu yawo inali bolodi. Koma kujambula kwake, abale inu! Botolo lagalasi akalijambula ndi choko, umachita kuopa kuti likagwa lisweka. Ana ankaloweza, ankakhoza, ena mpaka kukafika ku yunivesite. Chimene a Biswick sanauzepo munthu n'chakuti zipangizo zonsezo, zimene ankazidziwa mayina ngati ana awo obereka, anali asanazigwirepo ndi manja. Ngakhale akazi awo, a Effie, sankadziwa.

A Effie ndi amene anatsogola mu 2002 kudzagwira unamwino pachipatala china chachikulu. Chaka chotsatira a Biswick anabwera ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwayiwathu. Mtsikanayu anabadwa ndi matenda a magazi otchedwa siko selo, ndipo kuzizira kwa kuno kunali mdani wake. Mu 2006, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anagona masiku ambiri m'chipatala kuposa amene anakhala m'kalasi. Makolowo analemba kalata kusukulu kuti mwana aziphunzira kunyumba.

Tisabise, a Biswick anakondwa, ngakhale ankachita manyazi kukondwera pa matenda a mwana. Anagula kabolodi n'kukapachika m'khitchini pafupi ndi filiji. Naini koloko m'mawa, tayi pakhosi, kalasi yayamba. Akachedwa Mwayi kudzuka ankamulembera kuti wachedwa, chonsecho kuchipinda kwake n'kukhitchini ndi mapazi asanu ndi limodzi. Kwa chaka chathunthu, m'mawa uliwonse, munthu uja ankabwereranso kukhala amene anali kwawo.

Nkhani inabwera ndi a Justina, namwino mnzawo wa a Effie wochokera ku Zambia. Anati kuli kagulu ka makolo ophunzitsa ana kunyumba, kamakumana Lachinayi lililonse m'mawa m'holo ya tchalitchi china ku Greenwich. Kumeneko mayi wina wopuma pantchito, a Ivy, amene anagwira mu labu ya sukulu zaka makumi atatu, amabwera ndi zipangizo m'makatoni, ana n'kumayesa sayansi ndi manja awo.

"Bambo a Mwayi, bwanji mwanayu azipita kumeneko?" a Effie anafunsa Lamlungu lina atabwera kutchalitchi.

"Akatani?" a Biswick anayankha msangamsanga. "Mayeso amene adzalembe ali ndi pepala lolemba m'malo mwa kuyesa ndi manja, ndinafufuza kale. Ndiye mwana wodwaladwala akhale pabasi ola lathunthu, mphepo ikumuwomba pa siteji? Kapena mukuona kuti ine sindikutha?"

Zamayeso zija zinali zoona, zamphepo zijanso zoona. Koma chimene chinkawathamangitsa mtima chinali china. Ankaopa kuti Mwayi akakagwira zinthu zenizeni, adzabwera ndi mafunso, n'kutulukira kuti bambo ake ndi mphunzitsi wa zithunzi chabe. Kunja kuno anali munthu wosintha matewera a nkhalamba, ndipo anazivomera. Koma m'maso mwa mwana wawo anali katswiri, ndipo ulemu umenewo ndi umene anali atatsala nawo.

"Kutha mukutha," a Effie anatero mofatsa. "Koma taonani, chaka chonsechi mwanayu wacheza ndi inu ndi filiji basi. Alibe mnzake ndi mmodzi yemwe."

Mwayi anali pakhomo la khitchini, akumva zonse. Chichewa ankachimva bwinobwino koma ankayankha m'Chingerezi, ngati ana ambiri a kuno. Anati, "Adadi, ndingokaona kamodzi kokha."

Kodi bambo angakane bwanji mawu otero? Anadikira kuti kunja kufundeko, ndipo Lachinayi lina mu Epulo anamuveka majuzi awiri n'kukwera naye basi ya 177.

M'holomo munali ana asanu ndi atatu ndi makolo angapo. A Ivy, mayi wamfupi wa imvi mbuu, anawalandira ndi manja awiri. "Ana inu, lero tili ndi mwayi," analengeza. "Bambo awa ndi mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Malawi." A Effie anali atawachemerera kale pafoni. A Biswick anangomwetulira.

Patebulo lililonse panaima buleti, chubu chachitali chagalasi chokhala ndi kampopi kunsi kwake. Pansi pake panali botolo la asidi, woyera ngati madzi akumwa. Ntchito inali yodontheza mankhwala a m'chubu muja pang'onopang'ono mpaka madzi a m'botolo asinthe n'kukhala a pinki. A Biswick anali ataphunzitsa zimenezi kosawerengeka. Koma buletiyo inali yowonda kuposa m'mene ankaijambulira, ndipo anaiyang'ana ngati m'bale amene umangomudziwira pachithunzi.

Mwayi anamuika ndi mtsikana wina dzina lake Etta. Mwayi ankatsegula kampopi, Etta n'kumagwedeza botolo. A Biswick anaima kumbuyo kwawo, manja kumsana, osapuma bwino. Dontho, dontho, dontho. Mwadzidzidzi pakati pa madzi oyera aja panatuluka kamtambo ka pinki, kowala, kokongola zedi.

"Tseka! Yafika!" anakuwa a Biswick m'Chichewa, holo yonse n'kutembenuka.

Etta anagwedeza botolo, ndipo pinki uja anazimiririka. Madzi anayeranso mbee. Ha! A Biswick anangoti kukamwa yasa. M'buku lawo lija munalibe zoti mtunduwo umayamba wabwera n'kuthawa kangapo usanakhazikike. Posokonezeka, anatambasula dzanja kuti atseke okha kampopi, koma anakapotozera kolakwika. Mankhwala anangoti khuthu, botolo lonse n'kufiira ngati juwisi. Ana anaseka, Etta ndiye mpaka kugwira m'mimba.

A Ivy anabwera ndi kansalu kopukutira, n'kuwasisita pamkono. "Musadandaule bambo, aliyense amatero tsiku lake loyamba."

Mayiwo sananene mwachipongwe ayi, ananena mwachifundo. Koma diso la zaka makumi atatu linali litaona, ndipo Mwayi anamva. A Biswick anabwerera kukakhala pampando wa kukhoma pamodzi ndi makolo ena. Ali pomwepo anaona mwana wawo akuyambiranso, akunong'onezana ndi Etta, akuseka kuseka kumene iwo anali asanakumve chaka chonse. Zinawasangalatsa, ndipo zinawapweteka.

Pobwerera, basi itadutsa Woolwich, Mwayi anayankhula, ndipo anayankhula m'Chichewa chake chopunduka chija, chimene ankachisungira nkhani zikuluzikulu zokha.

"Adadi, linalidi tsiku lanu loyamba?"

Bodza linali pafupi, akanatha kunena kuti mabuleti a kwathu amatsekera kwina. Koma anatopa nako kubisa.

"Loyamba, mwanawe," anatero akuyang'ana pawindo. "Kusukulu kwathu kunalibe zimenezi. Ana oposa chikwi ndinawauza kuti mtundu umabwera kamodzi n'kukhala. Ndinkawauza molimba mtima, nawonso n'kumalemba. Ine mwini ndinali ndisanauone." Anatembenukira kwa mwanayo. "Uzipita kwa a Ivy. Amene aja ndiye mphunzitsi weniweni. Ine ndizingokuperekeza."

Mwayi anabwerera ku Chingerezi chake chifukwa mawu anamuchulukira. Anati pamene bambo ake anatuluka kukapuma mpweya panja, a Ivy anafunsa chifukwa chimene madzi amasinthira mtundu. Ana onse aja, amene akhala akugwira mabuleti miyezi ndi miyezi, anangoti duu. Anayankha ndi iye yekha, ndipo masamu ake anamaliza ena asanayambe n'komwe. Etta wapempha kale kuti azibwera kunyumba Lachisanu kudzakhala nawo m'kalasi ya kukhitchini, ngati adadi angalole.

"Ukunena zoona iwe, kapena ukungonditonthoza?"

"Zoona, adadi. Lachinayi kwa a Ivy, masiku enawo kwa inu. Koma Lachinayi likubwerali musakakhale kukhoma. Mukakhale patebulo ndi ife."

"Ine? Ndi imvi zangazi? Ndikakhuthulanso."

"Simukakhuthula. Bweretsani dzanja."

A Biswick anapereka dzanja lomwe lija linalakwitsa, lokhakhala ndi sopo wa kuntchito. Mwayi anaimika chala chake chaching'ono kuti chikhale kampopi, n'kuika zala za bambo ake mozungulira.

"Osagwira ndi mphamvu. Pang'ono pokha, chonchi. Mukaona pinki musathamange, mudikire kaye, amathawa. Tayesani."

Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri anapotoza chala cha mwana wake pang'onopang'ono, misozi ikutsikira pa tayi, anthu a m'basi akuyang'ana kumbali mwaulemu.

"Mwafulumirabe, adadi," Mwayi anatero. "Yambiraninso."

Anayambiranso.