Zimbale Ziwiri za Bambo

Bambo anga amakonza mawailesi. Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa malo ometera ndi sitolo ya utoto, kodzaza mawaya ndi masipika ong'ambika. Ntchito yawo yonse ndi khutu. Kale munthu akabwera ndi wailesi yodwala, ankangoitsegula n'kupendeketsa mutu, matenda awapeza asanamasule n'komwe.

Khutu lomwelo linawakokera ku nyimbo zakalekale zija za piyano ndi mavayolini, zopanda woimba mawu. Ankatola zimbale zimene ena ataya, ndipo nyimbo imodzi ankaifuna kawiri, bola oliza akhale osiyana. Malemu mayi ankati kumeneko n'kugula buluku lomwelo kawiri.

Lamlungu masana amakhala pabalaza ndi mnzawo wometa uja, a Lezala, n'kumaweruza oliza. Pali nyimbo ina ya piyano imene mayi wina amailiza modekha, bambo anamutcha Wamasiye. Yomweyo mnyamata wina amaithamangitsa ngati basi ikumusiya, ameneyo ndi Waphuma. Wamasiye ndiye wapamtima pawo. Waphuma amamuika pongofuna womunyoza.

Tsono ine ndine munthu wokayikira, sindibisa. Ngakhale dzira ndimaligwedeza kaye pakhutu ndisanagule. Ndinayamba kuona zinthu. Ketulo inkalira mpaka kuuma iwo ali pomwepo. Ukamawalankhula ankakuyang'ana pakamwa. Mayi wina anabweza wailesi akuti ikusokosabe. Ndiponso a Lezala, munthu amene sadziwa waya wofiira ndi wakuda, anayamba kumatulukira m'shopu ya bambo nthawi iliyonse bambo akamayesa sipika, kusiya munthu atametedwa mbali imodzi.

Achimwene anga sanazungulire pafoni. "Ngati makutu apita, shopu itsekedwe, abwere adzakhale kuno. Tidikire galimoto iwagunde pamsewu ali panjinga yawo ija?"

Nditawafunsa bambo, anaseka. "Ine? Ndimamva ngakhale nyerere ikatsokomola."

Kusekako n'kumene kunandikayikitsa kwambiri. Munthu wosamva kanthu angatsutsane bwanji za oliza piyano? Kapena mawu onse aja anangowasunga pamtima? Lamlungu lotsatira ndinapita msanga, ndipo iwo ali kubafa ndinasinthanitsa zimbale m'zikuto zake.

"Lero ndikuikireni ndine, bambo. Tiyambe ndi uti?"

"Funso limenelo? Wamasiye."

Ndinawaonetsa chikuto cha Wamasiye, n'kuika Waphuma. Mnyamatayo anayamba liwiro lake la masiku onse. A Lezala anadzidzimuka n'kundiponyera diso loti mwana iwe, wachita chiyani. Bambo anatsamira pampando, natsinzina, dzanja likuyenda pang'onopang'ono m'mwamba.

"Mwamva, a Lezala? Apa amaima kaye, amapuma. Uja wa phuma amangodumphapo ngati akuwoloka ngalande."

"Zoona, achimwene, zoona!" anakuwa a Lezala, maso ali pansi.

Ndinali nditaupeza umboni wanga, koma sindinakondwe nawo m'pang'ono pomwe.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti wothamanga amafika msanga. Waphuma anamaliza, singano ya galamafoni inanyamuka, m'nyumba munangoti zii. Bambo sanatsegule maso. Dzanja linkayendabe, mutu ukugwedezeka, milomo ikung'ung'udza motsatira mayi uja, amene kwa iwo anali adakali pakati pa nyimbo. Panja wogulitsa matsache anadutsa akuitanira malonda. Ine ndi a Lezala tinadikira kuti amalize, osayang'anana.

Atafika kumapeto anatsitsa dzanja bwinobwino n'kupuma mozama.

"Ndi uyu yekha amadziwa kutsiriza nyimbo," anatero. "Wamva bwanji, mwana wanga?"

"Palibe wofanana naye, bambo."

Ndinadzuka kuti ndichotse chimbalecho msanga, koma anandiletsa ndi dzanja. Zimbale zawo amabwezera okha m'chikuto, atazipukuta ndi kansalu. A Lezala anayamba nkhani ya mvula mokweza, koma zinali zitachedwa. Bambo anachinyamula, nachiyandikiza kuwindo, n'kuwerenga dzina lolembedwa pakati. Anaima pamenepo nthawi yaitali, atatifulatira.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangofufuza chikuto cha Waphuma, natulutsamo Wamasiye, n'kubwezera aliyense kwawo.

"Inunso mumadziwa, a Lezala?"

"Kuyambira kale, achimwene."

Anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundiyang'ana pakamwa, ngakhale ndinali ndisananene kanthu.

"Wakutuma ndi mlongo wako, eti? Ukamuuze zimene waona, usaname. Njinga atenge, ndiziyenda pansi. Zimbalezi ngati akuzifuna atengenso, nyimbozo ndili nazo m'mutu." Anapinda kansalu kaja kawiri. "Shopu yokhayo mundisiyire. Kumeneko anthu amabwerabe kudzandifunsa kuti chikulira n'chiyani."