Mchenga Wakuda pa Maliro a Atate

Ndinadzuka kusanache. Sizinali nyimbo zimene zinandidzutsa, chifukwa amayi a mpingo anali atatopa, ena akuodzera chotsamira khoma. Chinali chisanu cha mu Juni chimene chinkalowera pansi pa chitseko. M'nyumba munalibe mpando kapena tebulo, zonse tinali titatulutsa. Pakati panali bokosi la atate, nyali ili kumutu. Amayi anali pomwe ndinawasiya, pambali pa bokosi, atafunda chitenje mpaka kumaso.

Ndinayang'ana pakona. Azakhali, mlongo wawo wa atate, amene anabwera ndi anthu awo kuchokera ku Vubwi, anali maso. Pakati pa miyendo yawo panali mtolo. Mumtolomo munali mabotolo a mchenga amene anawapeza dzulo lake pansi pa bedi la atate, pamene tinkatulutsa katundu.

Mchengawo unabwera ndi mng'ono wanga Zelipa. Ine ndinatsala ndi khasu kuno ku Sinda, iye anapitirira ndi sukulu mpaka anamaliza, kenako anapeza ntchito yofufuza m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Mozambiki. Monga ankatifotokozera, amayeza gombe ndi milu ya mchenga imene imatchinga midzi, n'kulowetsa zoyezazo mu kompyuta, kuti aone pamene madzi adzafike nyanja ikamakwerabe. Atate sanaionepo nyanja. Ndiye Zelipa akamabwera ankamutuma kuti awatengereko mchenga. Wina unali woyera, wina wofiirira, ndipo m'botolo limodzi munali wakuda bii, wonyezimira.

Atate analinso ndi pakamwa. Pa kantemba, kasitolo ka m'mudzi muno, ankauza aliyense kuti mwana wawo amadziwa zimene nyanja idzachite zisanachitike, ndiponso kuti kumeneko kuli mapiri a mchenga oyenda okha. Anthu ankaseka. Koma atagwa m'munda wa thonje ali bwinobwino, thumba lili paphewa, palibe anasekanso. Kuchipatala ku Katete anati ndi mtsempha wa m'mutu. Azakhali anati iwo si mwana, akudziwa zimene achinyamata a masiku ano amakachita pansi pa nyanja, ndipo ntchito zoterozo amalipira ndi magazi a makolo. Analamula kuti Zelipa asaone nkhope ya atate, asathirenso dothi m'manda.

Musandifunse mmene mtima unandiwawira. Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ine! Ndipo ndinkadziwa kuti akangomuletsa kuthira dothi pamaso pa anthu, dzina loti anapha atate wake silidzamuchoka mpaka naye adzalowe m'manda.

Panja mphepo inali itayamba. Amuna anazungulira chitsa chimene chinayaka usiku wonse, atadzipinda m'majekete. Adzukulu okumba manda anadutsa ndi makasu awo osaseka ndi munthu, chinthu chachilendo, pakuti anthu amenewo amachita nthabwala ngakhale ndi wamasiye. Kuseri kwa nkhokwe azimayi ankasonkha moto, nyemba zili kale pamafuwa. Nditafika ndi ndowa, nkhani inaduka ngati wina wazimitsa wailesi. Mayi wina amene timalima naye malire anandifunsa ngati mchere ukwane, maso ali pansi. Ndinamuyankha kuti ukapanda kukwana akapemphe kwa amene akumuuza nkhani zinazo.

Ndinakwera pachulu pamene foni imagwira. Zelipa anali m'njira, kudzera ku Tete, koma foni yake sinkalowa. Ndinkafuna kumuchenjeza, ngakhale sindikudziwa kuti ndikanamuuza chiyani. Kuti abwerere, asaike atate wake?

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika, ena pangolo, ena panjinga, a mpingo wa kutsidya palole. Aliyense akafika pa mtengo wa mango ankayamba kulira, ife a m'nyumba n'kumulandira ndi kulira kwathu, monga timachitira. Khamu linakula kuposa mmene tinkayembekezera. Atate anali munthu wa anthu, inde, koma ndisanamizidwe, ena chinawabweretsa ndi mabotolo.

Zelipa anafika panjinga yamoto, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Ndinamva mawu ake ali pa mango paja: "Atate ine! Atate ine!" M'nyumba munangoti zii. Nyumba yodzaza azimayi, palibe ndi mmodzi yemwe womulandira. Ndinaimirira n'kulira ndekha, mokuwa mpaka kukhosi kunawawa, kuti asazindikire kuti ndili ndekha. Koma anazindikira. Atafika pakhonde, msuweni wathu, mwana wa azakhali, yemwe uja chiyambire ubwana ankamuitana kuti mkazi wanga, anatambasula mkono n'kutchinga khomo.

Ndinamukokera Zelipa kukhitchini n'kumuuza zonse. Poyamba anaseka, kamodzi kokha, kenako anayang'ana nkhope yanga.

"Asisi, mchenga? Mchenga umene ankandituma okha?"

Ndinamuuza kuti akhale chete, asayankhe munthu. Koma anthu a sukulu amakhulupirira kuti chilichonse ukachifotokoza bwino chimamveka. Azakhali atatulukira pakhonde, iye anapita kukagwada patsogolo pawo, mwaulemu wake wonse, n'kutulutsa foni. Anawaonetsa chithunzi cha mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, chojambulidwa kuchokera kumwamba, madenga akuoneka bwinobwino. Anakhudza ndi chala, madzi n'kuyamba kukwawa, kumeza milu ya mchenga, kenako nyumba, mzere ndi mzere. Ankanena kuti si zochitika kale ayi, ndi chenjezo, kuti anthu adziwe posamanga nyumba ndi pobzala mitengo yogwira mchenga. Palibe ankamva mawu akewo. Onse maso anali pa madzi aja.

"Mwaona nonse?" anatero azakhali. "Wangokhudza ndi chala."

Amene anaunjikana kuti aone anabwerera m'mbuyo. Ine foniyo ndikanatha ndikanaiponya m'chitsime.

Nthawi yoona nkhope itakwana, mzere unayenda, kulowa khomo la kumaso n'kutulukira la kuseri. Zelipa anaima pa nkhokwe, manja ali kumutu. Ine ndinaima nthawi yaitali pa bokosi mpaka wina anandikankha pamsana. Ndinkafuna ndiwaone bwino atate, kuti ndikathe kumuuza mmene anagonera. Atakhoma chivundikiro, nyundo ija anaimva ali panja. Ndinamuona akugwada pafumbi. Nkhope inali itapita basi. Chinatsala ndi dothi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Mphepo inakula, ikunyamula fumbi ndi makoko a chimanga, moti oimba ankatseka pakamwa ndi nsonga za zitenje pakati pa nyimbo. Njira ya kumanda imadutsa m'mbali mwa munda wa atate. Thonje linali mbee, theka lotola, theka losatola, ndipo pamene anagwera mitengo inali yothyokabe. Amayi anayenda kumbuyo kwa bokosi, azimayi awiri atawagwira uku ndi uku. Azakhali anasenza mtolo wawo pamutu. Ine ndi Zelipa tinali kumapeto, nditamukoleka mkono, ndipo anthu anatisiyira malo aakulu mbali zonse, oti ngolo n'kudutsa. Wina analavula malovu titamudutsa. Ndinamuona, ndipo ndikumudziwa.

Kumanda akulu a mpingo anawerenga mawu, anapemphera, bokosi linatsitsidwa. Itafika nthawi ya mawu a banja, msuweni uja anamasula mtolo n'kundandalika mabotolo pa mulu wa dothi lofiira. Anati amalume ake apita osadwala, osatsazika, ndipo akubanja sangalole kuti dzanja limene linabweretsa zinthu izi lithire dothi pa iwo. Amene anali pafupi ndi mulu anafutuka. Ndinayang'ana akulu a mpingo, ndikuti mwina alankhula. Iwo maso anali m'buku. Kumbuyo kwathu bambo wina anawerama n'kutola mwala. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, ndipo zimene zikanatulukamo zikanathetsa chibale tsiku lomwelo.

Amayi ndiwo anaimirira. Wamasiye kwathu salankhula pamanda, ndipo iwo chigwere atate anali asanatulutse mawu opitirira inde ndi ayi. Azimayi awiri aja anayesa kuwakhazika, iwo anawasasa. Anayenda opanda nsapato mpaka pa mulu, natola botolo la mchenga wakuda. Chitsekero chinali cholimba, pakuti atate ankamanga zinthu ngati sizidzatsegulidwanso. Anachikulunga ndi chitenje, chinatseguka, ndipo anathira mchenga m'dzanja.

"Alamu," anatero, akuyang'ana azakhali, "mchenga uwu alongo anu ankauthira m'mbale zanga Lamulungu madzulo, n'kumaupapasa ngati mwana. Takhala tikukangana nkhani ya mbale. Ukanakhala wakupha, ukanayamba ine wotsuka."

Atatero anaunyambita, anthu onse akuona, n'kumeza. Mayi wina anakuwa kuti mayo. Amayi anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Mchere basi," anatero. "Zelipa, bwera kuno."

Ndinamuperekeza mpaka pa mulu. Amayi anamutambasula dzanja n'kumuthira mchenga.

"Unawalonjeza kuti akamaliza thonje udzawatenga akaone nyanja. Thira."

Anathira. Wina unapita ndi mphepo, wina unawaza pabokosi ngati mvula yoyamba pamalata. Amayi anamupatsa mabotolo ena aja, limodzilimodzi, mpaka onse anatha. Kenako Zelipa anawerama, natapa dothi lofiira la kwathu, n'kuthira. Pamenepo ndiye analira, ndipo ulendo uno azimayi ena a mpingo anamulandira. Si onse, koma analipo. Mkulu wa adzukulu anati tiyeni dzuwa likupita, mafosholo n'kuyamba. Mwala uja sindinauonenso.

Azakhali anathira dothi lawo osayang'ana munthu. Podutsa pafupi ndi amayi anaima pang'ono.

"Tiona, alamu. Chaka n'chachitali."

Sanadye. Anthu awo onse anakwera galimoto yawo ya ku Vubwi ali ndi njala, chakudya chawo n'kutsala m'miphika. A m'mudzi muno anadya, koma ndinaona mmene ankawayang'anira amayi, mwakabisira, ngati munthu akuyang'ana mitambo. Ena potsazika ankawagwira dzanja nthawi yaitali, n'kufunsa ngati m'mimba muli bwino.

Madzulo nyumba inali yopanda kanthu. Mipando inali ikadali panja, ndipo pakati pa balaza panatsala chizindikiro cha pamene panakhala bokosi. Mphepo inaleka. Abale ochepa amene anagonera anali kukhitchini, akulankhula motsitsa. Ife atatu tinakhala pamphasa. Zelipa anandifunsa mmene atate anagonera, ndipo ndinamuuza: kukamwa kotseka bwino, tayi yawo ya buluu ija, kachipsera ka pachipumi kakuonekabe. Anandifunsanso, ndinabwerezanso.

Kenako anati ntchito ija aisiya, abwere adzakhale kuno.

"Uisiye kuti anene kuti zinali zoona?" anatero amayi. "Bwerera. Anthu a madenga aja akukudikira."

Amayi anagona chammbali, akuyang'ana kukhoma. Ndinkamva mano awo akukukuta pang'onopang'ono. Anadandaula kuti mchenga wa Zelipa sukuchoka m'kamwa, achukucha kangapo koma ulipobe. Tinatsala pang'ono kuseka. Kenaka anatsokomola, chifuwa wamba cha munthu amene wagona pansi m'chisanu. Tonse awiri tinadzambatuka nthawi imodzi. Zelipa anathamangira kuchipinda kukatenga bulangete la atate, ine n'kuwagwira pachipumi. Tonse tinkadziwa: kuyambira lero amayi akangodwala, ngakhale malungo, mlandu wa Zelipa wayambiranso.

Amayi anachotsa dzanja langa pachipumi pawo, nakokera bulangete mpaka m'khosi.

"Gonani, inu," anatero. "Ine chaka chino sindifa. Ndakana."