Anati Ndamudula Mwana Wanga

Chizindikiro choyamba chinali batani. Yotamu, mwana wanga woyamba, anali mu giredi sikisi pamene batani lachiwiri la shati yake ya yunifomu linayamba kuthothoka. Ndisoke lero, sabata isanathe lathothokanso. Ndinkamukalipira kuti amalimbana ndi anzake kusukulu. Tsiku lina mvula itangoyamba anavula shatiyo pamaso panga kuti ndisokenso, ndipo ndinaona fupa la pakati pa chifuwa litatulukira kutsogolo ngati la nkhuku, kumanja kuposa kumanzere. Sankatsokomola, thupi silinkatentha, ankadya bwino. Anangondiuza kuti akathamanga pa mpira mpweya umamuthera msanga, ndipo akagona chafufumimba pamamupweteka.

Ine ndimagulitsa tomato ndi nthochi m'mbali mwa msewu waukulu pa Chinyunyu. Amuna anga, a Lazaro, ndi alonda a usiku ku Lusaka ndipo amabwera mwezi ukatha. Iwo ndi Angoni ochokera ku Chipata, anandilowola, ndiye pakhomo pathu mawu aakulu ndi a mlongo wawo wamkulu, ba Esinati, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu. Ndinawaonetsa mwanayo monga alamu anga. Anagwira fupalo, kenaka anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amake Yotamu, uwu ndi mdulo. Mwamudula mwana. Amuna anu ali ku tauni, inu tsiku lonse mano pamtunda ndi madalaivala a malole. Mukachoka uko mukuthira mchere m'ndiwo ndi dzanja lotentha. Chifuwa chilekerenji kutupa?"

Ananditchula hule mwana wanga ali chilili pomwepo, shati ili m'manja.

A Lazaro atabwera, abale anakhala pansi pa nkhaniyi. Amuna anga, amene ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana, anangoyang'ana pansi n'kumakanda nthaka ndi kamtengo. Anagamula kuti ndisathirenso mchere m'ndiwo. Azithira ndi Tiyese, kamwana kanga kakakazi kamene nthawi imeneyo kanali kasanayambe n'komwe sukulu. Yotamu anamusamutsira kwa ba Esinati, azidya komweko ndi kugona komweko, mpaka nditatchula mwamuna amene ndinagona naye. Nanga ndikanatchula ndani? Mzukwa?

Dzinja lonse linatha choncho. Ndinkaphika m'khichini mwanga, ndiwo zikapsa n'kuitana kamwana kuti kadzathire mchere, ine nditapinda manja ngati mlendo. Ba Esinati anapita ndi Yotamu kwa sing'anga wina cha ku Shikabeta, amene anamutema mphini pachifuwa ponse n'kupakamo mankhwala akuda. Fupa silinabwerere. Mwana ankatalika, fupa nalo linkatulukirabe. Anasiya mpira chifukwa anzake ankamutcha Tambala, ndipo ngakhale kutenthe bwanji sankavula juzi. Ankadutsa pa thebulo langa la tomato maso ali kumbali. Tsiku lina anaima n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, bwanji osangovomera kuti ine ndichire?" Zonse zimene ananena ba Esinati ndikanazimeza, koma ichi chokha, chakuti anaika mawu amenewa m'kamwa mwa mwana wanga, sindidzachiiwala mpaka kumanda.

Mvula itatha sing'anga uja anamutemanso mphini zina, ndipo izi zinachita mafinya. Thupi linatentha, aphunzitsi anamubweza kusukulu. Ndinamuona akubwera m'mbali mwa msewu akudzandira. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinasiyira mnzanga thebulo, ndinaimitsa minibasi, n'kumukweza mwanayo mpaka ku kiliniki ya ku Rufunsa.

Anamwino anatsuka zilondazo, anatipatsa mapiritsi opha tizilombo, ndipo anatenga makhololo kuti ayeze TB. Titabwerera kukamva zotsatira anati alibe. "Malungo awa abwera ndi mphini," anatero. "Koma fupali ndi nkhani ina. Si matenda opatsirana, ndi kakulidwe ka mafupa. Pitani naye ku chipatala chachikulu ku Lusaka, musachedwe."

Ku Lusaka tinafikira m'kachipinda ka a Lazaro, ndipo ndinawauza kuti tulo kapena ayi, kuchipatala tipita tonse. Tinkafika m'mamawa n'kupeza mabenchi atadzaza kale. Tsiku loyamba linathera pa kutsegulitsa khadi ndi kudikira. Lotsatira anamujambula ekisire. Sabata inayo anamuyeza mtima ndi mapapo, namuuza kuti auzire mpweya m'kapaipi. Zonse zinali bwino. Pa benchi ndinacheza ndi mayi wina amene mwana wake wamkazi anali ndi vuto losiyana ndi lathu: chifuwa chake chinalowa m'kati. Mwanayo madokotala anamupatsa chinthu chonga mbale ya labala yokhala ndi kapampu ka m'manja, chimene amachivundikira pachifuwa kuti chizikoka fupa pang'onopang'ono. Apo m'pamene ndinadziwa kuti sitili tokha.

Adokotala anali mayi wa msinkhu wanga. Anamuimika Yotamu msana kukhoma, anaika chikhatho pa fupa lija n'kukankha. Fupa linalowa, chifuwa chinasalala. Atachotsa dzanja linatulukanso.

"Mwaona? Likadali lofewa," anatero. "Mwana amabadwa nazo, koma zimaonekera akayamba kutalika msanga. Tingalikonze popanda kumung'amba. Mukanachedwa mpaka mafupa atakhwima, kukanatsala opaleshoni yokha."

Ndinafunsa mokweza, dala, kuti a Lazaro amve bwino. "Adokotala, kodi mchere ungachite zimenezi? Kapena khalidwe la mayi ake?"

"Ayi. Palibe chimene inu munachita. Nthawi zina zimayenda m'magazi a pabanja. Kodi kwanu alipo wina amene anali ndi chifuwa chotere?"

Ine ndinapukusa mutu. A Lazaro ananena ngati akuyankhula ndi nsapato zawo: "Malemu atate anga. Kumunda sankavula malaya."

Mayo ine! Ba Esinati ndi amene anadwazika bambo awowo mpaka kumwalira, ankawasambitsa ndi manja awo. Chifuwa chimenechi ankachidziwa bwino lomwe. Anachiona pa mwana wa mlongo wawo, anachizindikira, koma anasankha kuloza ine.

Chithandizo chinachedwanso chifukwa cha mphini zija, popeza adokotala anati chipangizo sichingakhale pa khungu la zilonda. Titadikira kuti zipole, anatitumiza kumene amapangira miyendo yochita kuikirira, ndipo kumeneko anamuyeza Yotamu n'kumupangira chimene iwo amachitcha buresi. Ndi lamba wachitsulo chopepuka wozungulira chifuwa, wokhala ndi kathabwa kofewa kutsogolo kokankha fupa, kena kumsana, ndi zomangira m'mbali. Anati azivala usana ndi usiku, azivula posamba ndi pothamanga pokha, ndipo m'kati azivala vesiti ya thonje youma.

Yotamu ndinamulowetsa m'nyumba mwanga tsiku lomwelo, ndipo palibe anayerekeza kundiletsa. Masabata oyamba anali owawa. Ankalephera kugona, ankadandaula kuti akubanika, khungu linafiira pamene kathabwa kankakhudza. Kutentha kwa Okotobala kutafika anachita zidzolo, ndipo ndinkachapa mavesiti tsiku ndi tsiku. Kawiri konse ndinapeza buresi atayibisa pansi pa bedi iye atapita kusukulu; ndinamulondola nayo komweko. Ba Esinati ankanena ali pakhonde pawo, mokweza kuti ndimve, kuti ndamanga mwana m'goli ngati ng'ombe. Ndinkangoti mumtima, lankhulani alamu, tsiku lanu likubwera.

Tinkapita ku Lusaka pa masiku amene anatipatsa. Ankayang'ana khungu, kuyeza chifuwa, n'kumangitsa lamba pang'ono. Pofika nthawi yokolola, akavula buresi fupa silinkatulukanso msanga. Kenaka anati azivala usiku wokha. Patatha chaka ndi miyezi ingapo adokotala anati basi, ayisunge, tizingobwera naye kudzamuona mpaka atasiya kutalika.

A Lazaro anapepesa, anandigulira chitenje, ndipo ndinalandira ngakhale mtima sunabwerere pamene unali. Ba Esinati sanapepese. Anangoyamba kundipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Ndiye adokotala atati basi, Lamulungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, ndinapha nkhuku ziwiri n'kuitana onse amene anakhala pa mlandu wanga uja. Ndinaphikira panja, poonekera. Nyama itapsa ndinapatula mbale imodzi n'kuika pambali, kenaka ndinatapa mchere ndi dzanja langa ili, ndinalikweza kuti aliyense aone, n'kuthira mumphika. Ndinaitana Yotamu. Anavula shati yekha, osauzidwa kawiri, n'kuima pakati pa bwalo. Chifuwa chinali chosalala. Chimene chinkaoneka ndi zipsera za mphini zokha, mizeremizere.

"Fupa la agogo ake achotsa adokotala," ndinatero. "Zipserazi ndi za azakhali ake, izi sizichoka."

Mbale yopatula ija ndinaipereka kwa ba Esinati, nditagwada bwinobwino monga mwa ulemu. Analawa, anatafuna, anayang'ana uku ndi uku.

"Amake Yotamu, ndiwozi zilibe mchere."

"Dzanja langa ndi lotentha, alamu. Ndingakuduleni."

Palibe anaseka, palibenso anawapatsira mchere. Anadya choncho mpaka kumaliza, maso ali m'mbale.

Lero Yotamu ali ku sekondale. Amasewera mpira, amapuma bwino, mabatani ake sathothokanso. Buresi ili m'katoni pamwamba pa kabati, ndipo chifuwa cha Tiyese ndimachiyang'ana mwezi ndi mwezi. Kwa makolo anzanga ndikuti, mukaona chifuwa cha mwana chikutulukira kunja kapena chikulowa m'kati, pitani naye ku kiliniki fupa likadali lofewa. Musalole munthu kumutema, musadikire kuti abale ayambe apeza wolakwa. Ife tinataya dzinja lathunthu pofunafuna mwamuna amene kunalibe.

Abusa athu amandiuza kuti ndikhululuke, ndipo mwina tsiku lina Mulungu adzandithandiza. Pakali pano ba Esinati akabwera kwathu ndimawalandira, ndimawapatsa mpando ndi madzi osamba m'manja. Koma mpaka adzaime pamaso pa mwana wanga n'kunena kuti amayi ako sanakudule, m'nyumba mwanga adzadya zopanda mchere.