Ndinanyambita mwala wa atsibweni

Lachiwiri lapitali ndinanyambita mwala pamaso pa anthu, masanasana, ndisanalawe ngakhale dontho la kachasu.

Owerenga akale mukudziwa kuti ndinaphunzira za miyala ku institutu ina ku Tete chaka chimodzi ndi theka, mpaka ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti tisamaonanenso. Dipuloma ndilibe, koma ku Chipera kuno amanditchabe Enjinyeru. Munthu akapunthwa pamwala amautola, n'kubwera nawo kuti ndione ngati muli golide.

Tsikulo anandiitana a Dominiko, atsibweni a mkazi wanga. Ndakhala pa chikamwini pamudzi pawo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mwezi watha ndinapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi ndi ana tikakhale kwathu ku Fingoe. Yankho lili m'kamwa mwa a Dominiko. Akandiitana ndimathamanga.

Ndinawapeza ali ndi Musa, mmodzi mwa anyamata okumba golide kuno, amene anabwera kudzagula mbuzi n'kubwereka mwala wonolera kuti anole katana, chikwanje chake.

"Madala, mwala uwu ngwa m'loja," anatero Musa. "Ku Tete amaugulitsa pamodzi ndi misomali."

"Iwe, usandilankhule ngati mnzako wa kudzenje," anayankha a Dominiko. "Uwu anautola bambo anga mumtsinje. Nthawi ya nkhondo tinasiya mbuzi, tinasiya mapoto, koma uwu unakafika ku Zambia n'kubwerako. Enjinyeru, muuzeni mwanayu."

Kusiyanitsa sikovuta. Mwala wachilengedwe mtundu wake sufanana paliponse, mizere yake imakhotakhota, ndipo ukaunyowetsa umanunkhira dothi. Wa ku fabrika mchenga wake ndi wofanana ngati shuga, ndipo ukauviika m'madzi umatulutsa tithovu. Wa a Dominikowo mbali ina unali wotuwa, mbali ina wofiirira, pakati pali mzere woongoka kuti nyoo. Mulungu analenga zambiri, koma regwa yolembera mizere sagwiritsa ntchito.

Pofuna nthawi yoganiza, ndinaunyambita. Ndi mmene amatiphunzitsira, kuti mchenga wake uoneke bwino.

"Mbali imeneyo ndi imene ndimalavulira ponola," anatero a Dominiko modekha.

Ndinapempha kukachukucha m'kamwa kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali apongozi anga aakazi, mlongo wa a Dominiko. Ine ndi iwo sitiyang'anizana, choncho analankhula akuyang'ana nkhokwe.

"Akamwini, mwala wa bambo ndinautaya ine m'thengo tisanafike pamalire. Mwana kumbuyo, mtolo pamutu, mwala m'manja, ndine bulu ine? Uwo ndinagula m'sitolo ku Zambia, n'kuukwecha pathanthwe kuti ukalambe. Achimwene anatipeza patatha zaka zitatu. Atauona anaukumbatira akulira."

"Ndiye ndikanene chiyani, amayi?"

"Mwaphunzira ndinu," anayankha, maso akadali pankhokwe.

Apa mpamene pali vuto lathu. Kwathu kuno wophunzira sitimufunsa kuti tidziwe kanthu. Timamufunsa kuti amenye karimbo, chidindo, pa zimene tagamula kale. Enfirimeru wa kuchipatala akanena kuti mwanayu ali ndi malungo pamene ife tasankha kale mfiti, timati sukulu yamupengetsa. Wa zaulimi akati munda watopa, timati nsanje. Koma akangovomereza maganizo athu, mpomwe timati mwana uja anaphunziradi. Mukuganiza kuti ine akunditchulirabe Enjinyeru chifukwa cha nzeru? Ayi. Sindinatsutsepo munthu wamkulu.

Komanso ndi ndani angatsutse munthu amene nkhondo inamusiyira chinthu chimodzi chokha cha bambo ake? M'chaka chimodzi ndi theka chija, phunziro limenelo tinali tisanafike.

Ndinabwerera, ndinakhosomola ngati dotolo, n'kunena kuti: "Atsibweni, ndaupima. Ngwa mumtsinje."

Musa anaseka mpaka mbuzi inadula chingwe. "Enjinyeru, pakuswa chaka chachiwiri chija kusukulu anakupatsani theka lopanda miyala!"

A Dominiko sanaseke. Anaupukuta mwalawo ndi malaya awo, n'kuusisita ngati khanda. Loweruka anandiitananso.

"Akamwini, ndaona kuti ndinu munthu woona. Chitengwa ndalola. Koma mbumba yanga singachoke pano popanda mwala wa kwawo, ndipo uwu sindingaudule pakati. Inu miyala mumaidziwa. Pitani kumtsinje mukapeze mnzake wofanana nawo. Tsiku limene mwabwera nawo, nyamukani."

Motero mawa m'mawa ndikukwera mota, njinga yamoto, kupita kumtsinje umene uli m'loja ina ku Tete, pafupi ndi misomali. Ndafunsa kale nkhokwe ija, ndipo yandiuza kuti kukwecha pathanthwe ndi masiku atatu, osapumira.

Tsono inu amene mumasunga tizinthu ta makolo m'masutikesi, n'kumatukwana nato anzanu, munayamba mwafunsapo mayi amene anatisenza?