Timitengo Tomwe Anandisiyira a Filomena

Ndinene poyambirira kuti a Filomena sanandilakwirepo kanthu. Ndikunena izi kuti mukamamva mmene ndikuwafotokozera musaganize kuti panali mlandu. Panalibe. Anali alamu anga, akazi a achimwene anga a Bonifasi, ndipo ine Esitere ndinawachitira nsanje zaka makumi awiri ndi mphambu zinayi chifukwa cha dzanja lawo basi.

Anabwera kwathu kuno kufupi ndi Kabwazi mu 1998, kuchokera ku Mphunzi. Achimwene anakana zokakhala chikamwini, akuti sangasiye dimba lawo la mbatata ya kachewere, ndiye akwawo kwa mkazi analola kuti abwere chitengwa. Tsiku lofikalo ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Munthu wochepa thupi, wosayankhulayankhula, sukulu analekezera sitandade faifi. Katundu wawo anali mphasa, mapoto awiri ndi kathumba konyowa komwe sanalole kuti wina awanyamulire. Titamasula tinapezamo timitengo. Timitengo, abale! Anzathu amabwera kubanja ndi mbale zowala, awa anabwera ndi nkhuni zosakwana n'kuwiritsira tiyi komwe. Ndinaseka mpaka misozi.

Patatha zaka ziwiri nkhuni zija zinali mpanda wa mabulosi kuzungulira nyumba yawo, ndipo ana anga ndiwo anali oyamba kukadetsa milomo kumeneko.

Bambo awo a Filomena ankagwira ntchito ku nazale ya mitengo, ndipo iwo anakulira pakati pa zitini za mbande. Ntchitoyo ankaidziwa ngati kupuma. Ankadula kanthambi chopendeketsa, pansi pa mfundo, n'kukathothola masamba onse kungosiya awiri, awiriwonso n'kuwadula pakati. Ankakazika mu mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono, m'chitini choboola kunsi, n'kukavindikira ndi botolo lapulasitiki lodula. Zitinizo ankazindandalika kuseri kwa nkhokwe, komwe dzuwa limafika m'mawa wokha. Kanthambi kakakhala koyenda ulendo wautali ankakabaya mu kachewere kuti kasaume panjira. Anthu anafika pomanena kuti a Filomena atazika mpini wa khasu ungathe kuphuka masamba. Ine ndikamva zimenezo ndinkangoti mmm, ena ali ndi mwayi.

Zonsezo ndikanazipirira, pakanapanda duwa la amayi.

Amayi athu, a Victoria, ali mtsikana ankachapa zovala kwa masisitere, ndipo posiya ntchitoyo anapatsidwa kanthambi kamodzi ka duwa la rozi lofiira. Analidzala pafupi ndi khonde, n'kukula kukhala chitsamba chofika m'chiuno, fungo lake lomveka uli panjira. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka maluwa ake ndiwo ankakhala pa guwa m'tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo ana omwe ankadziwa kuti ndi duwa la a Victoria. Tsono ine ndine mwana wamkazi ndekha m'nyumba imeneyo. Za mayi zimatsalira mwana wamkazi, zimenezo n'zosafunsa. Koma ikafika nthawi yotengulira, amayi ankangoima pakhonde n'kuitana mtengwa. Ine ndikagwira mpeni ankandilanda, akuti manja anga ndi othamanga. Tsiku lina anachita kunena pamaso panga kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndinakalirira kubafa, ine mayi wa ana anayi.

Amayi anamwalira mu 2019. Patatha zaka ziwiri achimwene nawo anatsatira, atangodwala sabata zitatu. Chaka chotsatira, m'mwezi wa Seputembala, tinadzuka n'kupeza theka la chitsamba chija litauma. Chiswe chinali chitadya kunsi konse ife osadziwa. A Filomena anatenga mpeni wawo, nadula nthambi zonse zomwe zinali zikadali zaziwisi, n'kupeza timitengo khumi ndi tiwiri. Sikisi anandipatsa ine, sikisi anatenga iwo. Sabata isanathe chitsamba chija chinagwa chokha. Kuyambira pamenepo duwa la amayi linali m'timitengo timeneti basi, ndipo ine ndinalumbira mumtima kuti likapulumuka lipulumukira m'manja mwanga.

Anayesa kundilangiza. Ndinawauza kuti ndinabadwira pansi pa duwa limenelo, sindikusowa mphunzitsi. Tanga ndinatisiyira masamba onse, chifukwa anali okongola ndipo kuwathothola kunkandimvetsa chisoni. Ndinatiika pakhonde, padzuwa, kuti odutsa aziona. Ndinkathirira m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ndinathiramo kafeteleza pang'ono kuti tifulumire. Pakangopita masiku awiri ndinkazula kamodzi kuti ndione ngati mizu yayamba, kenako n'kukabwezera. Ndinkati ndikusamala. Tinayamba kuda kuchokera pansi, ngati nthochi yoiwalika m'thumba, ndipo pakutha pa sabata ziwiri tonse tinali titawola.

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe ya a Filomena ngati ndikufunafuna nkhuku. Tawo nato tinali titafota, masamba ali lende, ena achikasu, ena atagwera m'chitini. Mulungu andikhululukire, mtima wanga unasangalala. Ndinali wokonzeka kuti duwa la amayi life, bola lifere tonse awiri. Ndinawaitana n'kuwauza ndi nkhope yachisoni kuti nawonso zawalaka.

Anagwada, nakanda khungwa la kamtengo kamodzi ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira.

"Kufota si kufa, alamu," anatero. "Kakataya masamba kokha ndiye kuti kakugwira ntchito pansi. Oopsa ndi masamba ouma ali chikakamire."

Ndinachokapo mtima ukuwawa kuposa mmene ndinabwerera.

M'masiku omwewo amalume athu a Vinsenti anaitanitsa abale kuti tikambirane zosudzula, ndiko kumasula mkazi wamasiye kuti abwerere kwawo. Amalume ndi munthu wofatsa. Anafotokoza kuti ana a malemu akula, ali ku Lilongwe, ndipo mayi wawo wakhala nafe bwino, kotero ngati mbumba ikufuna atha kungokhala pamudzi mpaka imfa. Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine wamkulu mwa akazi. Ine m'maso mwanga munangobwera chinthu chimodzi: Pasaka yafika, a Filomena akuyenda pakati pa tchalitchi atanyamula duwa la amayi anga, ine nditakhala pa benchi manja ali pamiyendo. Ndinayankha kuti mwambo ndi mwambo, apite akalime kwawo mvula isanagwe. Sindinganamizire mwambo lero. Inali nsanje.

Tsiku lonyamuka ndinapita kukawathandiza kumanga katundu. Thandizo lake linali lofufuza. Ndinapisa dzanja m'mapoto, ndinafunyulula mphasa, thumba la kachewere ndinalikhuthula lonse ngati ndikusankha yowola, ndikuyang'ana yobayidwa kanthambi. Sindinapeze kanthu, ndipo ndinangoti mumtima, ameneyu wabisa mochenjera. Iwo anandiona, n'kungopitiriza kumanga katundu. Ngolo itafika ananditenga kupita nane kuseri kwa nkhokwe. Zitini zonse sikisi zinali pomwepo. Anandiuza kuti timitengo sitisunthidwa tisanagwire, ndiye titsala ndi ine. Ndizipisa chala m'dothi, likakhala lonyowa ndisathire madzi. M'mawa ndizivundukula mabotolo pang'ono kuti mpweya ulowe. Feteleza ayi. Dzuwa lamasana ayi.

"Koma chachikulu, musazule kuti muone," anatero. "Mtima ukakuvutani, khalirani manja anuwo."

Tanga tinali titawola, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Okutobala wa chaka chimenecho anatentha ngati tili kuchigwa. Ndinamanga kadenga ka udzu pamwamba pa zitini. Madzi ndinkatunga kumjigo m'mawa n'kuwasiya kuti afunde kaye, monga ndinkawaonera eni ake akuchita masiku omwe ndinkanamizira kuti sindikuyang'ana. Masamba otsala onse anagwa, panangotsala timitengo tokhatokha tili njo, ngati zotokosera m'mano. Tiwiri tinada. Ndinachita mantha enieni, chifukwa tsopano panalibenso wina womuloza chala. Duwalo likafa, wolipha ndi ine, amene ndinathamangitsa mwini dzanja. Kangapo konse dzanja linafika pa kamtengo, zala zitagwira kale. Ndinkalibweza, n'kukhala pansi n'kulikhalira zenizeni, mayi wamkulu ngati ine, nkhuku zikundiyang'ana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti kudekhako kumawawa chonchi.

Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinaona kadontho kofiira pa mfundo, kochepa ngati njere ya mawere. Mawa lake kena. Tinagwira tinayi.

Pa Pasaka ndinayenda pakati pa tchalitchi ndi maluwa atatu m'botolo, nditavala chitenje chatsopano. Ndinawaika pa guwa pang'onopang'ono kuti aliyense aone amene waika. Potuluka amayi a mumphakati mwathu anandizungulira akusekerera, ndipo mmodzi anati, taonani, maluwa a Filomena aja abwerera. Ena onse anavomereza. A Filomena! Madzi ndinatunga ndine, kadenga ndinamanga ndine, manja ndinakhalira ndine. Munthu ali ku Mphunzi koma dzina lake likudya ntchito yanga. Nditafika kunyumba sindinadye.

Kenako ndinamva kuti kwawoko zinthu zikuwayendera, pakhomo pawo pali ngati munda wa masisitere, ndipo Loweruka amagulitsa mbande m'mbali mwa msewu pa Chimbiya. Ndinati basi, ndimadziwa ine. Duwa la amayi anga likugulitsidwa kwa anthu a m'minibasi. Ndinanyamuka ulendo wa ku Mphunzi, ndikuuza anthu kuti ndikukawazonda, koma ndinkapita kukagwira wakuba. Sindinanyamule kanthu, ngakhale kabichi.

Ndinawapeza atagwada pa zitini zawo, imvi zitachuluka kuposa kale. Anandilandira ngati tinasiyana bwino. Akukonza tiyi ine ndinazungulira pakhomo ponse, kuseri kwa khitchini, kuseri kwa bafa, mpaka kudzala. Mabulosi analipo, mapichesi, mandimu, maluwa oyera ndi achikasu omwe sindiwadziwa mayina. Rozi lofiira panalibe.

Atabwera ndi tiyi anafunsa funso lomwe ndikuganiza kuti analisunga chaka chonse.

"Tinagwira tingati?"

"Tinayi."

Anaika kapu pansi n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, maso atadzaza misozi. Ndinawafunsa mosazungulira kuti lawo analibisa kuti.

"Ine sindinatenge, alamu. Amayi ali chigonere anandiuza kuti duwalo ndi la pamudzi, ndi la Esitere. Anati ndingolisunga mpaka manja anu atadekha."

Ndinakankhira tiyi pambali. Munthu woti akanatha kubisa kanthambi kamodzi m'mpango n'kukhala ndi chitsamba lero, munthu amene analitengulira duwalo zaka makumi awiri, analibe ngakhale tsamba lake. Ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale pamenepo nsanje sinandichoke. Inangosamuka. Kale ndinkasirira dzanja lawo, tsopano ndinayamba kusirira mtima wawo, komanso mawu aja, poti amayi anawanong'oneza iwo osati ine.

Nditabwerera kwathu ndinatenga mpeni. Ndinadula kanthambi kabwino koposa tonse, chopendeketsa, pansi pa mfundo, n'kuthothola masamba kusiya awiri. Kali kuseri kwa nkhokwe, m'chitini, botolo lili pamwamba. Ino ndi sabata yachitatu ndipo kafota, tsamba limodzi lagwa dzulo. Kakagwira ndikapereka ndekha ku Mphunzi, ndipo anthu akatchule dzina lomwe angafune. Pakadali pano sindinakazule, ndangokhalira manja.